Iris Akalira, Apongozi Amapita Naye ku Machipisa

Mwana wanga adzagundidwa ndi basi ali m'manja mwa agogo ake. Pepani Aphungu, ndayamba opanda moni, mtima uli m'mwamba.

Ndili ndi mwana mmodzi, Iris, sanayambe kuyenda. Timakhala ku Highfield, mu Harare, ndi amuna anga a Lenox komanso bambo awo, a Fackson, amene anapuma ntchito kufakitale ku Workington. Pakhomo pathu timakhala bwino ndithu. Apongozi angawa ndi ofatsa, amasesa pabwalo, amathirira repu wanga, amamuimbira mwana nyimbo za kwawo ku Dedza mpaka agone. Koma ayamba kuiwala. Chishona chawathawa, atsala ndi Chichewa chokha. Mukawauza kuti tauni ino tsopano ndi Harare, amangoseka.

Lachiwiri ndinagoneka Iris pamphasa, ine ndikuchapa kuseri. Ndinamumva akulira, ndinati nditsirize kaye thewera ili. Pobwera, mwana palibe, agogo palibe, geti lotsegula. Ndinathamanga opanda nsapato. Ndinakawapeza kumsika wa Machipisa atawoloka kale msewu, akuyenda tebulo ndi tebulo kwa amayi a tomato. Amayiwo akufunsa m'Chishona, iwo akuyankha m'Chichewa, osamvana.

Mwambo wathu mukuudziwa, ine mpongozi sindingawagwire mkono kapena kuwakalipira. Ndinagwada pafumbi, anthu akuona, ndikuti, "Bambo, ndipatseni mwanayo." Iwo akuti, "Iwe ndiwe mwana wa yani? Celestina ali ndi njala, ndikufuna amake amuyamwitse." Celestina ndi mlamu wanga, mayi wamkulu, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Waterfalls! Ndinanama kuti amake andituma, mpamene anandipatsa. Madzulo a Lenox anandiuza kuti malemu amayi awo ankagulitsa masamba pomwepo, ndiye khanda likalira bambo ankawapititsira.

A Lenox akuti tiziwatsekera m'chipinda. Aneba ena ayamba kunong'ona za ufiti. Ine zonsezo sindikuzifuna, koma Iris amalira tsiku lililonse. Chonde tumizani munthu abwere msangamsanga.

M.B., Highfield

Mayi a Iris,

Khalani pansi, mupume. Uwu si ufiti, ndi matenda oiwala amene amagwira okalamba ena. Mutu umataya zatsopano n'kusunga zakale. Apongozi anu sakuba mwana, akugwira ntchito yaubambo imene ankaigwira bwino. Pitani nawo kukiliniki sabata ino, anesi akawaone.

Bodza lanu lija musalilape, linali nzeru. Osatsutsana nawo. Akati Celestina, inu muziti, "Ndi ameneyu, ndimuyamwitse." Ndipo pamsewu agwireni mkono, mwambo sunakhazikitsidwe kuti uphe mwana.

A Lenox auzeni kuti loko ayi. Munthu wosokonezeka mukamutsekera amachita mantha, amaswa zenera. M'malo mwake mangirirani chitini cha timiyala pageti, chizilira likatsegulidwa. Pochapa, Iris kumsana. Mwendo ukawayabwa agogo, mubereke mwana mupite nawo limodzi ku Machipisa, akayende, abwere atatopa.

Munthu woti ndimutume ndilibe, ndipo amene angafike msanga ali pafupi kuposa ine. Lero lomwe funani mayi mmodzi wolankhula Chichewa pamsikapo, alipo ndithu. Mumufotokozere, iye auze anzake: akaona sekuru, ndiye kuti gogo, wa jekete lakuti, awapatse mpando, atume uthenga kwanu. M'jeketemo sokeranimo kansalu kolembedwa dzina ndi nambala ya nyumba. Celestina naye tsiku lake lopuma azibwera kudzakhala ndi bambo ake, inu mugoneko masana.

Tsono a Lenox akaimirire kusosaiti ya maliro. Ife ochokera ku Malawi timadziwa kukonzekera munthu akamwalira, bokosi, lole, nyimbo, zonse m'malo mwake. Koma madoda amene anabwera kuno ku Harare ali anyamata akalamba pamodzi, ndipo a Fackson si okha amene akusochera. Sosaiti igawane masiku oyendera nkhalamba zotere. Kenako mupite gulu kwa khansala, poti tsopano tinamusankha tokha, mukapemphe chipinda kuholo choti azikumanamo masana, azisewera bawo ndi kucheza m'chinenero chimene chawatsalira. Mukapemphenso malo owolokera pamsewu uja. Mayi mmodzi akhoza kubwezedwa pakhomo, gulu salibweza.

Chenjezo langa nali. Kudzakhala masiku amene adzadzuke ali bwinobwino, akutchuleni dzina, afunse za kwanu, mpaka muganize kuti achira. Sangalalani nawo, aphikireni tiyi, amunyamule mdzukulu wawo inu muli pomwepo. Koma masiku amenewonso, mukamapita kuseri, Iris apite nanu.

Aphungu