Bakha wa Pachitseko

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kumapiriko, ndipo chifuwa chija chakusiyani. Ine ndilipo, kungoti kutentha kwa kudoko kuno sindinakuzolowerebe. Panela, shuga wa nzimbe munatumiza uja, ndinalandira.

Mng'ono wanga Marleny wandilembera kuti munamva mkulu wathu wa asilikali apamadzi pa wailesi, akunena kuti ife akazi amatitcha Abakha chifukwa timatha pamadzi ndi pamtunda pomwe. Akuti munakondwa mpaka munajambula bakha pachitseko cha shopu yanu ya nsapato. Nditawerenga zimenezi, chakudya chinandikanika.

Mkuluyo ananama, Bambo. Dzinali linayambira pa ine.

Titafika ife akazi khumi ndi awiri oyambirira, kosungira katundu kunalibe nsapato za mapazi athu. Anatipatsa za amuna, nambala 41, ine wovala 35. Tinkatsendera manyuzipepala kuzala, komabe poguba zinkangoti phwa phwa. Tsiku la perete, alendo ali tcheru, yanga yakumanzere inavuka n'kutsala m'mbuyo. Sajeni Olaya anaitola n'kuikweza m'mwamba.

"Taonani abakha atibweretserawa! Mayi iwe, dziwe lili uko, kuno n'kwa asilikali."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Zaka zinayi zatha, koma tikamadutsa amuna amalirabe ngati abakha. Zikhadabo zanga ziwiri zakumapazi zinazuka chifukwa cha nsapatozo, osameranso. Ine, mwana wa munthu wosoka nsapato! Manyazi ndi amene anandiletsa kukuuzani.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti atsikana atsopano amalinyadira dzinali. Wina anandifunsa ngati ndikumudziwa amene anatipatsa dzina lokongola chonchi. Ndinati ayi. Kenako ndinayang'ana kumapazi kwake, nsapato zakenso zinali 41.

Tsopano Marleny akuti walembetsa usilikali, abwera mu Januwale. Kumuletsa sindingathe, mutu wake mukuudziwa. Pempho langa ndi limodzi. Mumuyeze phazi, mumusokere nsapato zakuda zachikopa cholimba, zofanana ndi za pachithunzi ndaikamochi. Asajeni safunsa kumene nsapato yachokera, bola iwale. Dzina adzalipeza likumudikira, pamenepo palibe chochita, koma mapazi ake okha abwerere kwanu athunthu.

Bakha wa pachitsekoyo musiyeni kaye. Ndidzamupala ndekha pa Khirisimasi.

Moni kwa Amayi, kwa azakhali a Rosalba, ndi kwa achimwene anga a Efraín ndi ana.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Nelcy