Maola Awiri a Loweruka

LACHITATU

Corinne, 9:12
ndiye ubwera? mwambo wa maliro ndi loweruka 10 koloko, kutchalitchi kwa adadi konkuja

Joelle, 9:30
ndikufunitsitsa mlamu. koma Curtis akakhalapo, ndi bambo ake. chiletso cha khoti chimati asandiyandikire pa mtunda wa mafiti 500

Corinne, 9:31
iweyo ukalola vuto lili pati? si ndiwe unakachipempha

Joelle, 9:34
sizitengera ine. ndikangolowa mmenemo atha kumangidwa pamaliro a bambo ake. wosintha ndi jaji yekha

Joelle, 11:05
ndili kukhoti. fomu ili ndi timabokosi tiwiri, kuthetsa kapena kusintha. ndangokhala pabenchi cholembera mmanja, kuonera chipale chofewa chikugwa panja, mpaka mayi wa pawindo wandifunsa ngati ndili bho

Corinne, 11:06
chonga kuthetsa basi. papita chaka tsopano, mchimwene wangayu mowa anasiya. akuti ndikuuze kuti

Joelle, 11:06
usandiuze. uthenga wake ukadzera mwa iwe ndi mlandunso

Corinne, 11:21
sorry

LACHINAYI

Joelle, 7:48
🎤 uthenga wa mawu, 0:41
"Mlamu, ndawalota adadi. Ali kuseri kwa nyumba, pa ming'oma yawo ya njuchi, avala zoyera zawo zija. Chipale chikugwa pang'onopang'ono, koma njuchi zikuuluka ngati ndi nyengo yotentha ya Julaye. Ndiye akundikodola, akuti iwe Joelle, bwera ugunditse khutu apa umve zikuimba. Ndimati ndiyende, miyendo yopepuka ngati ndili m'madzi. Ndadzuka m'kamwa mukukoma uchi. Ndawasowa, mlamu. Apongozi ngati amene aja sindidzawapezanso."

Corinne, 8:15
wandiliza kuntchito iwe

Corinne, 8:16
njuchizo ankacheza nazo kuposa ife ana awo kkk

Joelle, 8:20
chfkwa sizinkawayankha mwano ngati iwe

Corinne, 8:20
😂 usandiyambe

LACHISANU

Corinne, 14:02
zayenda bwanji kukhoti?

Corinne, 15:40
mlamu?

Joelle, 16:15
pepa, ndinangokhala mgalimoto kuonera mitambo. jaji wandifunsa kawiri ngati alipo akundikakamiza. ndati ayi

Joelle, 16:17
wandipatsa mawa 10 mpaka 12, mtchalitchi mokha, Curtis asandilankhule. 12 ikakwana chiletso chibwerera mwakale

Corinne, 16:18
maola awiri? banja la zaka 9?

Joelle, 16:26
ndi omwe ndinapempha

LOWERUKA

Corinne, 11:14
ndakuona kumbuyoko. bwera ukhale nafe kutsogolo, azakhali akufunsa

Corinne, 11:50
tikunyamuka kupita kumanda. kwera galimoto yathu, palibe akuyang'ana wotchi lero

Corinne, 12:04
uli kuti?

Corinne, 12:09
Curtis wakhala phee tsiku lonse, sanakuyang'ane nkomwe. ukufunanso chani

Corinne, 12:11
adadi akanafuna tonse tikhale pamodzi lero. zamakhoti zakozi zikanawapweteka mtima

Joelle, 12:40
ndili kutali ndithu, ndaima mmbali mwa msewu. ndinawatsanzika, ndinagwira bokosi lawo nyimbo yomaliza ili mkati. linali lofunda, dzuwa la pawindo linaliomba

Joelle, 12:43
pali chomwe anandiuza kuti ndisakuuzeni ali moyo

Joelle, 12:46
tsiku lija ndinakapempha chiletso, ndi adadi ananditengera kukhoti. mkono wanga unali mu pulasitala, fomu ija analemba ndi iwo, dzina la mwana wawo ndi dzanja lawo lomwe. anati ndisadzachotse chiletsocho chifukwa cha munthu aliyense, ngakhale iwowo

Joelle, 12:47
ukaponye dothi mmalo mwanga mlamu

Corinne akulemba...

Corinne akulemba...

✓✓ zawerengedwa 12:48