Miyala ya M'munda wa Kumunsi

Wokondedwa mlongo wanga Alton,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Verna. Mwendo wake uja wasiya kutupa? Kuno ku Tennessee tilipo, kungoti mvula yakana kuleka ndipo mawondo akundikumbutsa zaka zanga.

Mapepala ogulitsira munda wa kumunsi ndinalandira. Sindinasaine. Usafulumire kukwiya monga umachitira muja, yamba wamva.

Paja abusa anandipempha kuti ndilembe mbiri ya dera lathu pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni imene inathetsa ukapolo, yoti ikawerengedwe kutchalitchi. Ndinayambira kukhoti la m'tauni mwathu, koma anandiuza kuti zolemba zonse zinapsa pa nkhondo yomweyo. Ndiye ndinakwera basi kupita ku Nashville, kunyumba yosungirako zolemba zakale.

Kumeneko ndinalandiridwa ndi Mayi Tidwell, woyang'anira zolembazo, amene anandiseka kuti ndabwera ndi chikwama chachikulu ngati ndikufuna kuwabera nkhondo yonse. Anandikhazika pa makina owerengera nyuzipepala zakale mpaka ndinachita chizungulire. Kenako anandiyalira mapu amene asilikali a Kumpoto anajambula mu 1864.

Alton, ndinauzindikira mtsinje wathu, pomwe umakhota paja. Pamenepo panali msasa wa anthu othawa ukapolo amene ankatsatira asilikaliwo. Pafupi ndi kasupe, wojambulayo anaikapo timitanda ting'onoting'ono. Nditafunsa tanthauzo lake, Mayi Tidwell anasiya nthabwala. Anati ndi manda: nthomba inalowa mumsasamo nyengo yozizira, ndipo lipoti la dokotala wa asilikali limangotchula kuchuluka kwa akufa, maina ayi.

Atamva dzina la banja lathu, anandithandiza kuitanitsa umboni umene agogo a agogo athu, a Mahala, anapereka popempha penshoni ya amuna awo omwe anafera kunkhondo. Umboniwo unafika sabata yatha. Wofunsa mafunso anafuna kudziwa ngati anali ndi ana. Iwo anayankha kuti anali nawo atatu, koma awiri, Isom ndi Dicey, anamwalira mumsasa. Atafunsidwa komwe anawaika, anati pafupi ndi kasupe, ndipo akuchapira anthu zovala kuti tsiku lina adzagule malowo.

Ife tinakula tikumva kuti anagula mundawo chifukwa unali wotchipa. Bambo ankati salimako chifukwa miyala imathyola pulawo. Kaya ankadziwa zoona zake, kaya ankangobwereza zomwe anauzidwa, sindidziwa.

Lachiwiri m'mawa ndinapitako ndi msuweni wathu Royce. Anadandaula njira yonse kuti ndamusiyitsa kadzutsa chifukwa cha miyala. Titakankha masamba ouma, anawerama kuti aonetsetse. Miyala ija sinangomwazika ayi. Inaimikidwa m'mizere, ndipo patsogolo pa mwala uliwonse nthaka inatitimira. Royce anavula chipewa, nandiuza motsitsa mawu kuti ena mwa maenjewo ndi aafupi kwambiri.

Maenje amenewo ukuwakumbuka. Tinkagonamo posewera chibisalirano, n'kudzifunditsa masamba. Iwe unkakonda kakang'ono ka pafupi ndi mkungudza. Unkati anakumbira iweyo chifukwa unkakwanamo ndendende.

Chibwerere kumeneko mtima wanga sunakhale pansi. Sindinaone mzukwa, usandiyese wamisala. Koma ndikamatsuka mbale n'kusuzumira pawindo chakumunsiko, ndimamva ngati pali anthu amene andifunsa funso ndipo akudikira yankho. Ngakhale madzi a pakasupe akundikanika kumwa.

Munthu wa kampani yomwe ikufuna kugula mundawo anabweranso dzulo. Nditamuonetsa chithunzi cha mapu aja, anati palibe vuto, mafupa akhoza kufukulidwa n'kusamutsidwa mwaulemu, mtengo n'kutiwonjezera. Ndinamufunsa kuti Isom ndi Dicey adzawadziwa bwanji pakati pa enawo. Anangondibwezera chithunzicho. Ndinamupatsa khofi, n'kumuperekeza kugalimoto yake.

Ndikudziwa kuti si dyera, mlongo wanga. Verna akufunika nyumba yopanda masitepe, ndipo zimenezo sindikuzipeputsa. Tigulitse munda wa kumtunda, ngakhale gawo langa ulitenge lonse. Koma pa wa kumunsi usandikakamize.

Pempho langa ndi limodzi: bwera. Usandiyankhe pafoni, chifukwa pafoni umandigonjetsa nthawi zonse. Bwera udzaime pamenepo wekha, ndipo ukadzaona, udzandiuze maso ndi maso kuti ndisaine. Royce wati adzakuchingamira kubwalo la ndege. Abusa avomera kukachititsa mapemphero kumundako mwezi wamawa. Mwa onse ogona pamenepo, maina amene tikuwadziwa ndi awiri okha, ndipo sindikufuna kukawatchula ndekha. Ana aja ndi athu tonse.

Undiperekere moni kwa Verna ndi kwa adzukulu. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akuyendetse bwino pobwera kwanu.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Odessa