Masitepe a Kwathu

Wendlecote,
9 Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Rufus,

Ndikhulupirira uli bwino ku Perth kumeneko, pamodzi ndi mlamu wanga Noreen ndi ana. Ine ndilipo, koma msanawu. Kuno ndi mvula ndi nkhungu basi.

Kalata yako ndinalandira. Ukuti umatisirira ife okhala m'mudzi wabata, m'nyumba yofolera udzu ya zaka mazana anayi. Ndinaseka ndekha. Tamvera tsono za bata ukulinenalo.

Mu Epulo Bambo anagwa pa masitepe. Sindinakuuze. Ukudziwa kuti bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda cham'mwamba, ndipo masitepe aja ndi opapatiza. Ndikuchokera kogula buledi, ndinawapeza ali thasa pansi, fupa la m'chiuno litathyoka, akutukwana mphaka ngati ndiye wawakankha.

Kuchipatala adokotala anati Bambo angabwerere kunyumba pokhapokha chimbudzi chikhale pansi, khomo likulitsidwe kuti njinga ya olumala izilowa. Ndinakapempha chilolezo kwa oyang'anira nyumba zakale. Kunabwera mayi wina ndi kamera. Anasisita mitanda ya denga, nati nyumba ngati iyi sizipezekanso, sitingachotsepo ngakhale njerwa imodzi. Za wodwalayo sanafunse n'komwe.

Ndinakadandaula ku msonkhano wa parishi. Kunaimirira a Lockyer, aja anagula nyumba yakale ya abusa, amene amabwera Loweruka lokha kuchokera ku London. Anati akumva chisoni kwambiri, koma khomo lalikulu liwononga maonekedwe a msewu wathu, pajatu alendo amabwera kudzajambula. Ndinawafunsa ngati alendo awowo azibweranso kudzawanyamula Bambo popita kuchimbudzi. Wapampando anangoti tipitirire ku nkhani yotchetcha udzu kumanda.

Rufus, Bambo analiza belu la tchalitchi chimenechi zaka makumi anayi. Palibe anatsegula pakamwa, ngakhale a Pargeter amene ankaliza nawo.

Tsono imva chimene chikundidya. Mu Julayi ndinawapititsa Bambo kunyumba yosungirako okalamba m'tauni. Ndinasaina ndine. Ndinawanamiza kuti ndi masabata awiri okha, amisiri akukonza nyumba. Lamlungu lililonse ankandifunsa ngati amisiriwo amaliza, ine n'kumati atsala pang'ono.

Lamlungu lapitali ndinawatengera maapozi a mumtengo wathu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati ndileke kudzivutitsa, bodza sindilitha, ndinatengera malemu Amayi. Anati anadziwa kalekale, chifukwa zovala zanga sizinabwerepo ndi fumbi la simenti ngakhale tsiku limodzi. Ndinalira ngati mwana, iwo n'kumandisisita dzanja. Kenako anafunsa ngati Rufus akudziwa kumene iwo ali. Ndinati ntchito yakuchulukira. Anatembenukira kukhoma. Maapozi sanawakhudze.

Nthawi zonse ukaimba foni umati nyumba ya makolo tiisamale, tisadzaigulitse. Kunena n'kosavuta uli padzuwa. Unachoka uli ndi zaka makumi awiri, ine n'kutsala ndi denga lodontha, Amayi akudwala, kenako Bambo. Bernard atandifunsira kuti tikakhale ku Bristol ndinamukana chifukwa cha iwo. Tsopano ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndimadya ndekha, anthu osawadziwa akundijambula pa windo.

Anamwino akuti Bambo asiya kudya bwino, mwina nyengo yozizirayi saimaliza. Sindikupempha kanthu kena. Bwera. Usadikire Khirisimasi. Ngati subwera, tenga pepala uwalembere wekha chifukwa chake, ndikawawerengera mmene walembera. Ine mabodza andithera.

Undiperekere moni kwa Noreen ndi ana. Imogen umuuze kuti agogo ake anaika chithunzi chake pafupi ndi bedi. Mulungu akusungeni nonse, iwenso akufewetse mtima.

Ndine mlongo wako,
Hester