Khoma lang'ambika pogona mdzukulu wanu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi mwendo uja mukupezako bwanji? Musandiyankhe kuti muli bwino, ndimakudziwani, mumatero ngakhale muli chigonere. Ife kuno tikudzuka, koma mtima wanga suli m'malo.

Ntchito ndikadali pamapampu, paja tikumanga nyumba yosanja. Dzenje la maziko ndi lakuya moti munthu ali pansi amaoneka ngati mwana, ndipo pansipo ndi mchenga wokhawokha. Madzi amangotumphuka ngati kasupe. Tinakhoma mapaipi kuzungulira dzenjelo, ndipo ine ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti mapampu okoka madziwo asazime. Tsiku lina anazima dizilo atatha. Madzi anakwera, mbali imodzi inagumuka, ndipo mmisiri wina tinachita kumufukula ndi manja. Ali moyo, koma kuntchito sanabwerenso.

Vuto n'lakuti madzi apansi sadziwa mpanda. Chitsime cha pamene ndimachita lendi, kuseri kwa mpanda wa kuntchito kwathu, chauma gwa. Za anansi nazonso chimodzimodzi. Tsopano azimayi amabwera ndi zidebe kudzatunga papaipi imene timatayira madzi m'ngalande, ndipo amandithokoza mpaka kugwada, ati Mulungu andidalitse. Amayi, ndimasowa poyang'ana. Madzi amene ndikuwagawirawo ndi awo omwe.

Nthaka nayo yayamba kutitimira. Chitseko changa chinakana kutsekeka, ndinachipala. Kenako khoma linang'ambika, mbali imene mdzukulu wanu amagona. Poyamba mng'aluwo unkangolowa chikhadabo, lero ukulowa dzanja lonse. Mwanayo akuti ndi windo lake, amasuzumirapo nkhuku za eni ake n'kumaseka. Ndasuntha mphasa, koma m'chipinda chimodzi ungathawire kuti? Galimoto yaikulu ikadutsa, dothi limayoyokera pabulangete lake.

Ndinawauza ainjiniya. Anabwera, anayeza, n'kumata kagalasi pamng'alupo, ati kakasweka ndiwadziwitse. Kanasweka sabata isanathe. Iwo akuti mapampu sangazimitsidwe maziko asanathe, apo ayi dzenje likwirira anthu. Sindingawatsutse, ndinaona ndi maso anga. Eninyumba nawo akuti ndingozimitsa basi, si ndine ndimagwira batani? Moni wanga anasiya kuyankha. Ntchitoyi ndinailirira ndekha, ndiye paja walira mvula walira matope. Koma ndili ndi mantha, Amayi, sindikubisirani.

Pempho langa ndi limodzi. Tumani achimwene adzamutenge mwanayu msanga, akhale kwanuko mpaka maziko atatha. Mukukumbukira mmene ndinalimbira pomutenga kwanuko, kuti mwana sakulira kutali ndi make. Mundiseke mmene mungathere, bola mumulandire. Zovala zake ndalongedza kale m'chikwama, ndachibisa kuseri kwa ndowa kuti asayambe kufunsa. Usiku amakonda kudzivundukula, muzimufunditsa.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa alamu ndi ana onse. Amalume muwauze kuti nsapato zawo zija sindinaiwale.

Achimwene akafika adutse pageti pa kuntchito, ndidzawapatse kiyi, ndipo akakamutenga mwanayo adzadutsenso kuti ndidzamugwireko pang'ono. Kudepoti sindidzatha kuwaperekeza. Mapampu sasiyidwa okha.

Ndine mwana wanu,
Wamakani uja