Wachipewa Watsala ndi Mlatho Umodzi

Mualadzi, Chifunde
12 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene Severino,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kateteko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno dzuwa latiwamba, minda tasosa kale, tikungodikira mvula. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula msanga ndi "tidzaona" wanu uja.

Musandiseke, mlongo wanu ndi ukulu wonsewu ndayamba masewera a pafoni, amene ana kuno amati jogo. Marlene wanga pobwerera kusukulu ku Tete anandisiyira foni yake yakale, ndipo muli majogo awiri. Loyamba ndi losanja timiyala tamitundumitundu kuti tofanana tikhale pamodzi. Ubwino wake silifuna Chipwitikizi, ndipo ukaliyamba umaiwala ndi msana womwe. Koma ukamaliza palibe choti ungakambire mnzako. Amayi anangosuzumira kamodzi n'kunena kuti, "Kumeneko ndiye kusankha nyemba zoti sudya."

Lachiwiri ndi lankhani. Muli mwamuna wina wachipewa amene akubwerera kwawo wapansi nkhondo itatha. Umamuyendetsa ndi chala, akakumana ndi anthu umamusankhira choyankha. Ine ndimawerenga n'kumawamasulira amayi pakhonde masana. Achimwene, limeneli ndiye latigwira mtima! Amayi, amene chidwalireni mu Juni ankangogona, tsopano amadzuka okha n'kufunsa kuti, "Odeta, mwana uja wafika pati?" Ndikafuna kuzimitsa amandikalipira: "Usamusiye m'tchire iwe! Mufikitse pamudzi pa anthu, ampatse madzi, ndiye uzimitse." Tsiku lina moto unatha m'foni iye ali pakati pa dambo. Amayi anakana kudya mpaka alamu anu a Barnaba anapalasa njinga kukatchajitsa kumsika.

Ndinkaseka nazo, kufikira tsiku limene ndinawamva akuti, "Severino watopa, mpumitse." Mutu wawo uli bwinobwino, akudziwa kuti n'chithunzi chabe. Kungoti chibwerereni ife kuchokera ku Zambia, inu n'kutsalira komweko, aka n'koyamba kuti aone mwana wa munthu akuyenda molunjika kwawo, ndiye akumuperekeza.

Tsono vuto ndi ili. Ndinamuimbira Marlene kuti andiuze mathero ake. Akuti wachipewayo kufika amafika, koma amapeza mayi ake ataikidwa kale. Ndinati, nanga ndikamudutsitsa njira yachidule, osaima kucheza ndi anthu? Akuti n'chimodzimodzi, eni ake analemba kale, zosankha zija n'zongokusangalatsa. Ndinapsa mtima kwabasi. Bola timiyala tija, sitinamiza munthu.

Ndiye ndakhala ndikumuchedwetsa. Ndimamuzunguliritsa m'midzi yomwe tinadutsa kale, kapena ndimanama kuti foni yatentha. Koma amayi si mwana. Dzulo anandigwira: "Mtengo uwu tinaudutsa Lolemba. Ukumubwezeranji? Ine masiku odikira ndilibe." Wachipewayu watsala ndi mlatho umodzi basi. Miyendo ya amayi yatupa, ndipo titapita nawo kuchipatala anamwino anangondiyang'ana osanena zambiri.

Sindikupempha shuga kapena chitenje ayi. Ndakusowani, achimwene, ndipo ndatopa n'kuwanamiza amayi. Kuchokera ku Katete kudzera pa Cassacatiza si kutali, inunso mukudziwa, ndipo a Barnaba akuti adzakuchingamirani pamalire pomwepo. Bwerani mvula isanawononge njira. Ine ndiyesetsa kumugwira wachipewayu tsidya lino la mlatho mpaka mutafika, koma sindikulonjeza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, amene agogo awo amangowadziwa maina. Ndawafunsa amayi mawu oti ndiike m'kalata muno. Akuti ndikuuzeni kuti musathamange ayi, muyende bwino, koma musagonenso panjira.

Ndine mlongo wanu wokudikirani,
Odeta