Ndinafufutitsa timawu ta pansi pa mitengo ya masheya

Agogo,

Pakamwa ndi panga, koma dzanja ndi la mwana wanga wamkazi, amene akulemba uku atatupa masaya. Ine sukulu ndinangoiona denga. Moyo wanga wonse ndathera kuseri kwa kauntala, kugulitsa misomali, penti ndi mahinji a zitseko. Miyendo itayamba kukana, ndinagula timasheya m'makampani angapo.

Madala anzanga amene timakhala nawo pabenchi, pakhonde la sitolo, nawonso anagula. Ndiye m'mawa uliwonse, moni asanathe, funso n'lomwelo: "Lero zili pa bwanji?" Mwana wangayu ntchito yake ndi yokonzera anthu masamba a pa intaneti, choncho anatikonzera lathu. Analipira laisensi ku kampani ina yotumiza mitengo ya masheya, n'kusainira yekha. Mitengoyo imafika itachedwa ndi mphindi 15, poti ya nthawi yomweyo akuti ndi ya anthu olemera.

Tsopano pansi pa manambalawo panali timawu ting'onoting'ono. Anandiwerengera: mitengoyi ndi yochedwa, ndipo yachokera kwa akutiakuti. Ine ndinati, "Iwe, unaonapo wasitolo akulemba pachitini kuti penti uyu ndi wa chaka chatha? Chotsa!" Anati, "Ababa, timawu timeneti si tokongoletsa." Ndinalimbikira, poti ndine bambo ake, ndipo anachotsa. Kenako ndinamuuza achotsenso pasiwedi yolowera patsambalo, chifukwa madalawa amaiwala pasiwedi ngati ambulera. Lero aliyense amalowa, ngakhale anthu amene sitikuwadziwa nkhope.

Sabata yatha mnzanga wina, dalaivala wopuma pantchito, anaona mtengo wabwino patsambapo n'kuimbira buloka wake, munthu womugulira ndi kumugulitsira masheya, kuti agulitse. Buloka anamuuza kuti mtengowo watsika kale. Anafika pabenchi thukuta lili kamukamu. "Achimwene, tsamba lanuli ndi wotchi yakufa! Ndikakunenezani kwa eni mitengo." Madala anaseka, inenso ndinaseka, koma mwana wanga sanaseke. Akuti taphwanya mgwirizano, dzina limene lili papepala ndi lake, ndipo makasitomala ake akamva kuti anamulanda laisensi, palibe adzamupatsenso ntchito.

Ine ndikuti tinalipira, ndiye katundu ndi wathu. Kodi manambala ozizira kale angautse mlandu?

M.K., m'tauni muno

Bambo M.K.,

Angautse. Ndipo iwe mwana amene ukuwawerengerawe, usadumphe mzere uliwonse powamvera chisoni.

Bambo, simunagule mitengoyo. Munachita lendi. Munthu wa lendi sagumula khoma chifukwa choti walipira mwezi uno, amakhala motsatira zomwe anagwirizana ndi landilodi. Kuchedwa kwa mitengo kumangotsitsa malipiro a laisensi, sikufufuta malamulo ake.

Za penti zija mwasokoneza. Penti wa chaka chatha amapakabe khoma, koma mtengo wa sheya ukachedwa umakhala wina, ndipo woona amapanga chisankho ndi ndalama zake poganiza kuti ndi wa pompano. Timawu tija ndi timene timauza munthu kuti afunse kaye. Kawirikawiri eni mitengo amachita kulamula kuti tikhalepo, pamodzi ndi dzina lawo.

Ndiye lero lomwe, musanatsegule sitolo, mwana abwezeretse timawuto. Asatibise pansi, atiike pamwamba, m'zilembo zoti mdala wopanda magalasi aone. Abwezeretsenso pasiwedi. Oiwala aja awalowetse kamodzi pafoni zawo, foni izikumbukira yokha.

Kenako mukhale pansi awiriwiri, akuwerengereni mgwirizanowo mokweza, m'Chichewa, mpaka kumapeto kumene anthu amatopera. Mufune chinthu chimodzi: laisensiyi ndi yoonera iye yekha, yoonetsa gulu lodziwika, kapena yoonetsa dziko lonse? Izi zimakhala zosiyana, ndipo mitengo yake imasiyananso. Ngati ndi yoonera yekha, ngakhale madala a pabenchi sakuloledwa, ndiye tsambalo litsekedwe kaye mpaka mupeze yoyenera. Kujambula manambalawo n'kumatumiza m'magulu a pa foni n'chimodzimodzi, musanamizane kuti n'kucheza.

Ine pepalalo sindinalione, ndipo malamulo amasiyana malo ndi malo. Mupite nalo kwa loya wodziwa za migwirizano, aliwerenge. Malipiro a loya atuluke m'thumba lanu, osati la mwana. Akalangiza, mwanayo alembere kampaniyo yekha, anene zomwe zinachitika ndi zomwe wakonza, ndipo yankho lawo libwere lolembedwa, osati la pafoni. Wodziulula yekha amamvedwa bwino kuposa wonenezedwa.

A dalaivala muwapitire kwawo, osati pabenchi pamene pali oseketsa. Muwauze kuti, "Achimwene, amene anachotsetsa chenjezo ndine, si mwana." Mupepese, koma musalonjeze kubweza kanthu loya asanakuuzeni. Muwauzenso madala onse kuti mtengo wogulitsira ndi umene wanena buloka. Patsambapo pasalembedwe "gulani" kapena "gulitsani". Kulangiza anthu za masheya kuli ndi malamulo akenso, ndipo kukamba nkhani mokoma si chiphaso.

Chenjezo langa ndi ili. M'sitolo mawu omaliza ndi anu, palibe akutsutsa. Koma zinthu zikavuta, kampaniyo sidzafunsa kuti bambo ndani, idzafunsa kuti anasaina ndani. Tsiku lina mwanayo akadzati "ayi" pa ntchito yake, musadzakweze mawu. Mudzangokoka mpando n'kufunsa kuti, "Chifukwa?"

Agogo